Mimba yoyamba? Nayi njira yake, kuyambira sikelo ya mayi mpaka sikelo ya mwana

Mng'ono wanga atandiimbira chaka chatha kuti "achemwali, mwezi uno sindinaone", ine sindinayambe ndi zomufunsa kuti mwini wake akuti chani ayi, ndinangoti msambo womaliza unayamba tsiku lanji? Anakhala chete kaye kenako nkuti kaya, mwina chapakati pa mwezi. Pamene paja ndinadziwa kuti ntchito ilipo. Ine si nesi, ndinene kale, koma ndili ndi ana atatu, ugadiyani ndaupanga kawiri, mabenchi a ku sikelo ndawakhalira mpaka kuwadziwa ogwedera. Nde zimene ndinamuuza iyeyo ndi zimene ndikulemba panozi, kwa inu amene ndi mimba yoyamba komanso azibambo amene mumangoti "zimenezo ndi za azimayi".

Choyambirira lembani tsiku limene msambo womaliza unayamba, mu foni, pa kalendala, kuseri kwa chitseko, kulikonse. Funso loyamba la anamwino ndi limenelo ndipo mukayankha kuti "nthawi imene tinkapalira ija" iwo amangoyerekeza, mwezi wochira nkusokonekera. Kawerengedwe kake nkosavuta: pa tsikulo onjezani masiku 7, kenako miyezi 9. Ngati unayamba pa 10 Januwale ndiye kuti tikuyang'ana cha pa 17 Okutobala. Sikuti mwana amabwera tsiku lomwelo ngati basi ya pa depoti, ena amafulumira ena amachedwerapo, koma mumadziwa poyambira kukonzekera.

Chachiwiri, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ambiri timalakwa: yambani sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu. Ine mimba yanga yoyamba ndinayamba sikelo ili ndi miyezi 6. Chifukwa chake? Akuluakulu kwathu anandiuza kuti mimba salengeza isanaoneke, anthu oipa angaimange, komanso ndinkaona ngati kupita msanga nkuchulutsa maulendo pachabe pomwe sindikudwala. Tsiku limene ndinapitalo anamwino anangonditsitsa chikope cha m'munsi ndi chala, nkundiyang'ananso m'manja, nkupukusa mutu. Magazi anali atachepa kwambiri, chizungulire chimene ndinkachiyesa cha mimba chija chinali chimenecho, ndipo miyezi itatu yotsalayo inali yothamangitsana ndi mapilitsi. Mukafuna kubisira aneba bisani, palibe vuto, valani chitenje chanu muzipita ngati mukupita kumsika. Koma anamwino musawabisire.

Kale ankati maulendo anayi akwana. Pano malangizo a 2016 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amene dziko lathu linawatsatira, amati kasanu ndi katatu: koyamba masabata 12 asanakwane, kenako pa masabata 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40. Mukaona bwino kumapetoko maulendo amathithikana, sabata ziwiri zilizonse, chifukwa mavuto ngati BP amakonda kutulukira kumenekoko. Musavutike kuloweza manambalawa, tsiku lobweranso amakulemberani m'buku, inu ntchito yanu nkusaliphonya.

Za tsiku loyambalo. Funsani kaye kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ma HSA aja, kuti oyamba kumene amawalandira tsiku lanji, chifukwa zipatala zambiri zimagawa masiku, lina la oyamba lina la obwereza, nde kuyenda mtunda wonse uja nkukakubwezani zimawawa. Lawirirani m'mamawa. Idyani kaye kanthu, tengani botolo la madzi akumwa, chitenje china choyala pa bedi poyezedwa, ndi buku la kuchipatala la amayi. Ngati mulibe limapezeka komweko pa mtengo wochepa. Ku chipatala cha boma sikelo ndi yaulere. Zipatala zambiri za mishoni za CHAM zilinso ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera a m'deralo asamalipire, koma izi zimasiyana malo ndi malo nde funsani musanapite, musangoganiza.

Bambo a mwana apite nawo ulendo woyambawu. Malo ambiri obwera awiriawiri amawalowetsa koyamba, nde ngakhale kwa waulesi phindu lilipo. Koma chifukwa chenicheni nchakuti magazi muyezetse limodzi, zotsatira mumvere limodzi. Ngati bamboyo ali ku Joni, kapena anakana mimba, kapena basi sakufuna, inu pitani nokha. Madera ena amafuna kalata ya amfumu yonena kuti mwamuna palibe, katengeni ngati kwanuko zili choncho, koma musakhale pakhomo miyezi iwiri kudikira munthu woti akuzengereza.

Mukafika mumayamba ndi nyimbo ndi maphunziro pa bwalo paja, ena zimawanyansa koma mvetserani, kenako mzere. Akuyezani kulemera, msinkhu, BP, mkodzo ngati zipangizo zilipo, magazi kuona kuchuluka kwake, chindoko ndi HIV. Akufunsani mimba zam'mbuyo, kuphatikiza zimene zinapita padera, nenani zoona ngakhale bamboyo sankadziwa, mutha kupempha kuti mulankhule ndi anamwino panokha. Ngati mumadwala shuga, BP, khunyu, mphumu, kapena pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, tengani mapaketi ake akaone. Za sikani, kumene makina alipo ndi bwino kujambulitsa masabata 24 asanakwane, imathandiza kudziwa msinkhu weniweni wa mimba komanso ngati ali mapasa. Health centre zambiri zilibe, nde akakutumizani kwa DHO, ku chipatala chachikulu cha boma lanu, musaone ngati akukuvutitsani.

Akakupezani ndi kachilombo, pumani kaye, si mapeto a mimbayo. Malawi ndi dziko limene linayambitsa mu 2011 ndondomeko ija ya Option B+, yoti mayi woyembekezera akapezeka nako ayambe ma ARV pompo osadikira kuti chitetezo chitsike, mayiko ena anachita kutengera kwa ife. Ndi piritsi limodzi pa tsiku, ndipo mukamamwa mokhulupirika mpata woti mwana atengere umachepa kwambiri. Mwanayo akabadwa amapatsidwa mankhwala amadzi omuteteza, amayezedwa pa masabata 6, kenako pa chaka, kenako pa zaka ziwiri. Ndipo amene mwapezeka mulibe, akadzati tiyezenso kumapeto kwa mimba musakwiye, munthu utha kutenga uli woyembekezera kale. Chindokonso akachipeza, jakisoni wake abayitse onse awiri, mayi yekha akachira bambo amadzamupatsiranso.

Tsopano mankhwala amene mupatsidwe, apa mng'ono wanga tinakangana naye kangapo.

Mapilitsi owonjezera magazi aja, ambiri timangoti fefol. Amanunkha chitsulo, ena amawachititsa nseru, chimbudzi chimada bii mwinanso kuuma. Zonsezo nzachilendo koma sizoopsa. Ine chimene chinandithandiza nkumwa usiku nditadya nsima, ndi madzi, osati ndi tiyi chifukwa tiyi amalepheretsa thupi kutenga ayironi bwinobwino. Mng'ono wanga ndinawapeza atawaunjika m'kabotolo ka mafuta odzola, a miyezi iwiri athunthu, eti amaopa kuti mwana akula kwambiri avutika pochira. Bodza limenelo. Pochira mayi aliyense amataya magazi, nde ukapita ku leba uli nawo kale ochepa, kutaya pang'ono pomwe kumakugwetsa.

Fansidar, amene m'buku amalemba kuti SP, ndi woteteza malungo. Sapereka miyezi itatu yoyambirira, amayamba pa masabata 13 kupita mtsogolo, mapilitsi atatu kumwera pamaso pa anamwino pomwepo, ndi chifukwa ndinati tengani madzi komanso idyani kaye. Amabwereza pakadutsa mwezi, ndipo pa mimba yonse asachepere katatu. Ngati mumamwa Bactrim tsiku lililonse chifukwa cha kachilombo, auzeni, awiriwa saphatikiza. Malungo a mayi wapakati ndi achinyengo, utha osamva kutentha thupi koma tizilombo tili mu nsengwa kumudyera mwana chakudya, nkubadwa wochepa sikelo. Neti imene akupatseni mugonemo kuyambira usiku womwewo, isakatchinge nkhuku kapena dimba la tomato. Palinso jakisoni wa kafumbata pa mkono, amene amabwereza pakatha mwezi, ndi piritsi la njoka zam'mimba mimba ikapitirira miyezi itatu. Kupatula zimenezi musamangogula mankhwala pa golosale, mutu ukawawa Panado yekha, ndipo ukapitirira pitani akakuyezeni BP.

Zakudya sindichulutsapo, magulu 6 aja munawaimba kale ku sikelo. Usipa, nyemba, nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, mazira, zipatso za nyengo yake, mchere wa ayodini. Zoti mazira amabadwitsa mwana wopanda tsitsi zisiyeni, wanga wachiwiri ndinadya mazira ngati ndikulipidwa ndipo anabadwa ndi tsitsi loti nkuluka. Mukayamba kulakalaka dothi la pachulu kapena la pa chipupa nenani ku sikelo, nthawi zambiri zimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Mowa ndi fodya ayi.

Mimba ikafika miyezi 5 kapena 6 yambani kusonkhanitsa katundu ndi ndalama, pang'onopang'ono, osadikira mwezi womaliza pomwe ndalama imasowa dala. Ku sikelo akupatsani mndandanda wawo, tsatirani umenewo, koma kawirikawiri mumakhala zitenje zingapo zochapa bwino, zosachepera zisanu kapena zisanu ndi chimodzi chifukwa zina zimaonongeka ku leba komweko, beseni, pepala lakuda la pulasitiki loyala pa bedi, lezala latsopano losatsegula, ulusi womangira mchombo, sopo, mapadi kapena nsalu zoyera, chipewa ndi masokosi a mwana, kabulangete. Ndi tochi. Tochi ndikuinena payokha chifukwa usiku umene mng'ono wanga ankachira pa health centre ina magetsi anazima, sola ya pamenepo inali itafooka, foni yanga ili pa 9 peresenti, ine nkuima kumapazi kuunikira anamwino ndi kafoni kameneko mtima uli phaphapha kuti kazima nthawi iliyonse. Kanapirira mpaka mwana analira. Kuyambira pamenepo tochi ndi mabatire ndimaika m'chikwama zitenje zisanalowe.

Ndalama ya transipoti ikhale payokha, ku Mpamba, ku Airtel Money kapena ku banki mkhonde koma poti mutha kuitenga usiku, ndipo bambo adziwe kuti imeneyo si yokongoza mnzawo. Sungani manambala awiri kapena atatu a akabaza kapena a galimoto a m'dera lanu amene amadzuka akaimbiridwa 2 koloko usiku. Ambulasi ilipo koma imodzi imatumikira zipatala zambiri, musaike moyo wanu wonse pa iyo. Kambiraninso pabanja kuti magazi atafunika angapereke ndani. Amene muli pa ntchito yolembedwa, lamulo la ntchito limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 abambonso ali ndi masabata awiri. Auzeni abwana nthawi ilipo, polemba kalata, osati pakamwa pokha.

Kenako funsani anamwino mwachindunji: ine ndikachilire kuti? Si mimba iliyonse yoyenera pa health centre. Ngati munachitidwapo opareshoni pa mimba yam'mbuyo, ngati ali mapasa, mwana wagona mopingasa kapena watsogoza matako, BP ndi yokwera, ndinu wamng'ono kwambiri, kapena mwabereka kale kambirimbiri, akuuzani kuti mukadikirire ku chipatala chachikulu kumene kuli thiyeta ndi magazi. Mverani. Kumeneko zikavuta amatumizanso ku ma central, Queens ku Blantyre kumene kuli Gogo Chatinkha, Kamuzu Central ku Lilongwe kumene kuli Ethel Mutharika, Zomba kapena Mzuzu. A mu Lilongwe ambiri amachilira ku Bwaila. Ngati kwanu nkutali kapena mwezi wanu ukugwera m'dzinja pomwe mitsinje imadzaza, pitani ku chiyembekezo mwezi wa 9 ukangoyamba. Nyumba zodikirira zimenezi zinamangidwa zambiri nthawi ya pulezidenti Joyce Banda pa nkhani ya uchembere wabwino ija. Kumakhala kothithikana, mumaphika nokha, nde tengani ufa, ndiwo zouma, kapoto, makala kapena nkhuni, mphasa. Kutopetsa kwake kulipo koma leba ili pamtunda woyenda wapansi mphindi ziwiri.

Zochilira pakhomo kapena kwa azamba akumudzi, boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, ndipo mafumu ambiri, monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu imene inatchuka nazo, anaika malamulo a m'mudzi, ena mpaka chindapusa cha mbuzi. Koma ine mbuziyo si imene imandiopsa. Chimene chimandiopsa ndi magazi akayamba kutuluka mwana atabadwa, chifukwa pamene paja pamafunika jakisoni wokhwimitsa chiberekero ndi dripi mwamsanga, ndipo agogo ngakhale aluso bwanji alibe zimenezo.

Izi zokha ndikupemphani muziloweze, inu ndi bambo ndi aliyense wogona m'nyumbamo. Mukaona chimodzi mwa izi simudikira tsiku la sikelo, simudikira kuche, simuyamba mwapita kwa abusa kapena kwa asing'anga: kutaya magazi ngakhale pang'ono, mutu waukulu wosamva Panado, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena tinyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba, kupuma mobanika, nsupa kusweka nthawi isanakwane, mwana kusiya kugunda kapena kugunda mochepa kusiyana ndi masiku onse. Kutupa mapazi okha madzulo kumachitika kwa ambiri, koma mphete ikayamba kuthina, nkhope nkusintha, imeneyo ndi nkhani ina. Pemphero pempherani muli pa njinga. Mukakayikira, mutha kuimba mwaulere ku Chipatala Cha Pa Foni chija chinayambira ku Balaka mu 2011, nambala yake funsani ku sikelo, amayankha ndi azaumoyo ndithu, koma pa zizindikiro ndatchulazi imbani muli kale m'njira.

Gadiyani musankheni bwino, si ulemu wongopatsa munthu chifukwa ndi wamkulu pabanja. Akhale wamphamvu zotunga madzi ndi kuchapa, wosachita manyazi kugogoda pa chitseko cha anamwino usiku, komanso womvera za kuchipatala. Ndikunena izi chifukwa agadiyani ena ndi amene amalowetsa mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, ena amati mwanamphepo, m'botolo la Sobo kapena m'phala. Mankhwala amenewo alibe mulingo, chiberekero chimakoka mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, chiberekero chimene chitha kung'ambika. Ngati mwamwa kale nenani kwa anamwino, akalipa inde koma adziwa chochita.

Matenda akayamba, kupweteka kochokera kumsana kobwera mobwerezabwereza nkumayandikana, kapena mwaona chikazi chosakanikira timagazi, kapena nsupa yasweka, nyamulani chikwama ndi buku muzipita. Nsupa ikasweka yang'anani mtundu wa madziwo, akakhala obiriwira kapena akuda kauzeni anamwino pofika pomwepo. Ku leba akuyezani njira ndi zala, amabwereza pakapita maola angapo, ndipo amamvetsera mtima wa mwana. Akati njira ili pa 3, kutanthauza kuti yatseguka masentimita atatu okha, yendayendani, yendani ndithu m'khonde, imwani madzi kapena phala, kodzani pafupipafupi. Mimba yoyamba imatenga nthawi, mwina usiku wonse, nde musayambe kukankha asanakuuzeni ngakhale thupi likukuuzani, mumangotupitsa njira nkudzitopetsa. Akati tikupita ku thiyeta, musayambe kuimbira mudzi wonse kupempha chilolezo, siginecha ndi yanu. Opareshoni si ulesi, si chilango cha chigololo ngati mmene ena amanenera matenda akatalika, nthawi zambiri ndi mutu wa mwana ndi chiuno cha mayi zimene sizikugwirizana basi. Kukakamira masiku awiri ndi kumene kumabweretsa fistula, matenda otayira mkodzo osaleka aja, amene ku Bwaila kuli malo ake owachiza.

Ndisabise, anamwino ena amalankhula mokalipa, makamaka akakhala yekha usiku ndi amayi asanu. Ine ndinaphunzira kufunsa mwaulemu koma osasiya: "pepani anesi, mwapeza chani, nanga ndichite chani?" Dziwaninso anthu ake. Pa health centre nthawi zambiri pamakhala namwino amenenso ndi mzamba, medical assistant kapena clinical officer amene tonse timangoti adokotala, ma HSA, ndi othandiza kukonza m'mawodi. Wokolopa ngakhale akhale wokoma mtima bwanji si woti akubereketseni. Mukachitidwa chipongwe chenicheni, kumenyedwa, kutukwanidwa kapena kuuzidwa kuti mulipire pa chipatala chaulere, m'zipatala za boma muli a ombudsman a pachipatala, komanso komiti ya chipatala ya m'dera, kadandauleni kumeneko.

Mwana akangobadwa amupukute, amuike pachifuwa panu khungu kwa khungu, afunditse nonse awiri, chipewa kumutu. Ayamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi, ndi umene uli ndi chitetezo chambiri. Kumusambitsa dikirani mpaka tsiku lathunthu lidutse, agadiyani amakonda kuthamangira beseni koma mwana amazizidwa msanga. Inu mayi, mukamva kuti magazi akutuluka ambiri, chitenje chikunyowa mwamsanga kapena mukuona mdima, itanani mokweza, si nthawi ya ulemu. Musapemphe kutuluka maola 24 asanakwane ngakhale wodi itadzaza bwanji. Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo akuphunzitsani kangaroo, kumumangirira pachifuwa usana ndi usiku, ndipo bambo ndi agogo atha kulandizana nanu.

Musanatuluke onetsetsani zinthu zitatu: mwana walandira BCG, katemera wa TB uja, pa mkono ndi madontho a poliyo, ali ndi buku lakelake la sikelo, ndipo fomu ya kalembera wa kubadwa ya a NRB yalembedwa. Nde chitupa chanu cha unzika chikhale m'chikwama muja, ndipo dzina la mwana mugwirizane kale, kusintha pambuyo ndi chintchito. Pa BCG pamadzatuluka kachithupsa nkusiya chipsera, musapafinye musapapake kanthu.

Kunyumba, m'chikuta, nkhondo yaikulu ndi ya mchombo. Pasapakidwe phulusa, ndowe, mafuta ophikira, madzi a nthochi kapena zitosi za mbewa, chilichonse chimene azakhali abwere nacho. Ngati kuchipatala akupatsani mankhwala opaka pamchombo pakani amenewo okha, pamchombo pokha, asayandikire m'maso. Thewera lizimangidwa m'munsi mwake. Mwana akakana kuyamwa, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga kapena nthiti kulowa mkati, akachita chikasu m'maso ndi m'manja, mchombo ukafiira kapena kutuluka mafinya, akakomoka, thamangani naye ngakhale chikuta sanatuluke. Mwambo udikira. Liwombo likalowa mkati si la mankhwala opaka pamutu, nthawi zambiri ndiye kuti madzi athamo m'thupi, makamaka ngati akutsegula m'mimba.

Inunso mayi mubwerere kukayezedwa pa masiku amene akulemberani, kawirikawiri pakatha sabata imodzi kenako pa masabata 6, ngakhale mukumva bwino. Kutentha thupi, zotuluka kumaliseche zonunkha, mutu waukulu, bere lotupa lofiira, bala la opareshoni lotuluka madzi, mwendo umodzi kutupa, zonsezi nzobwerera nazo msanga. Ndipo ngati masabata akudutsa mukungolira, tulo osabwera, mwana osamufuna, nenani, ndi matenda odziwika ndipo si ufiti kapena kusayamika. Pa ulendo wa masabata 6 womwewo kambiranani za kulera, jakisoni wa miyezi itatu, mapilitsi, kachipangizo ka pamkono kapena lupu. Kuyamwitsa kumateteza kokha ngati mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Chimodzi chikasowa pamenepo mutha kuima mwana asanayambe kukhala, ine wachiwiri ndi wachitatu anasiyana chaka ndi miyezi inayi chifukwa chodalira zimenezi mwachisawawa.

Bere lokha mpaka miyezi 6, opanda madzi, opanda phala la madzimadzi lija, ngakhale kutenthe bwanji mu Okutobala. Akakwanitsa 6 yambani phala lothira nsinjiro, kenako zina, uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri.

Sikelo ya mwana ndi mwezi uliwonse, ku chipatala kapena kumene ma HSA amabwera pansi pa mtengo kapena pa tchalitchi m'mudzi. Katemera wamkulu ali pa masabata 6, 10 ndi 14, majakisoni a pantchafu oteteza kafumbata, chifuwa chokoka mtima, chibayo ndi ena, kuphatikiza madontho a poliyo ndi a rota oteteza kutsegula m'mimba. Usiku wake mwana amatentha thupi nkumalira, zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri, muyamwitseni pafupipafupi, musathawe nazo katemera wotsatira. Pa miyezi 6 vitamini A, nkumabwereza miyezi 6 iliyonse. Katemera wa malungo anayambira kuno ku Malawi mu 2019 m'maboma ena, woyamba amabaya pa miyezi 5, nde funsani a HSA ngati kwanuko akuperekedwa, ndipo ngakhale abayitse neti isachoke. Pa miyezi 9 chikuku, limodzi ndi wa taifodi amene anayamba mu 2023.

Ambiri timasiyira pa miyezi 9 pamenepa, timati wamaliza. Sanamalize. Chikuku chili ndi jakisoni wachiwiri pa miyezi 15, ndipo sikelo imapitirira mpaka zaka 5. Akamukweza pa sikelo paja musangolandira buku nkuika m'chikwama, yang'anani kadontho kamene alemba pa tchati, funsani ngati mzere ukukwera. Ukagona miyezi iwiri yotsatizana kapena kutsika, funsani chochita pompo, asanafike poti nkulandira chiponde.

Mabuku onse awiri, lanu ndi la mwana, asungeni m'kajumbo kapena m'pepala la shuga lotsuka, pamwamba poti mvula yodontha ndi makoswe sizifika, ndipo masamba ofunikawo ajambuleni pa foni. La mng'ono wanga linagwera m'beseni la matewera mwana ali ndi miyezi inayi, inki yonse nkusungunuka, ndipo a HSA anachita kukhala pansi kufufuza m'kaundula wawo tsamba ndi tsamba kuti apeze ngati jakisoni wa masabata 14 anabaya kapena ayi. Anapeza kuti sanabaye, anamubaya tsiku lomwelo.